Mkazi Amene Ankaseka Masana M'nyumba ya Keziah

1.

Mwana wanga Keziah ndinamuchenjeza kuti asaitane ankhoswe. Ndinamuuza kukhitchini, ndinamuuzanso tikuchapa matewela, mpaka ndinamutsatila pageti m'mawa akupita kusukulu kumene amaphunzitsa. Iye anangoti, "Amai, inu mumaopa chilichonse," n'kupita.

Sananame, ine ndimaopa. Ndimaopa mphenzi, ndimaopa malole a pamsewu waukulu wa ku Lusaka, ndimaopa ndi ketulo ya malaiti yomwe, imene imadzizimitsa yokha ngati ili ndi nzelu. Kusukulu sindinapondeko, koma maso ndili nawo. Kwathu ku Kaumbwe, ku Petauke, aliyense amadziwa kuti mtsikana wodutsa m'manja mwanga sachititsa manyazi kubanja. Ndine mlangizi. Ndaphunzitsa ana a anthu kugwada, kusunga pakamwa, ndi ulemu wa pa chipongozi: kuti mwamuna ndi amake a mkazi wake sakhala mphasa imodzi, sadyela pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo mawu awo amadutsila mwa munthu wina.

Ku Nyimba ndinabwela kudzalela mdzukulu wanga Tasila, amake atabwelela kuntchito. Mwamuna wa Keziah ndi aMubiana, Mlozi wa kutali ku Mongu, wa ntchito ya zaulimi, woyenda pa njinga yamoto m'midzi ya ku Ndake. Ndi munthu wofatsa, wa Chinyanja chotsimphina pang'ono. Mwambo wathu anauphunzila n'kuusunga kuposa anyamata a kwathu. Akamalowa pakhomo ankatsokomola, ine n'kulowa kukhitchini. Tinkakhala bwino chotelo.

Kenaka m'nyumba munabwela dikoda yatsopano ya tivi. Yakale ija ndinali nditaizolowela: nkhani nthawi yake, mpila nthawi yake, ukachedwa wachedwa. Iyi anailumikiza ku intaneti. Keziah anandifotokozela monyada kuti tsopano filimu umasankha wekha, umaiimika pamene wafuna, ukabwela mailo, tsiku lotsatila, umaipeza ikukudikila pomwepo.

Ndinamuuza kuti chinthu chodikila munthu chotelo sichabwino, chipasula banja. Ndinakachenjezanso azimai a kutchalitchi. ADainess, okhala khoma limodzi ndi ife, amenenso ndi mlangizi, anandiyamikila pamaso pa onse. Ndikamasesa pabalaza, dikodayo ndinkaifundika kansalu kuti isandione.

2.

Keziah ndi amuna ake anali ndi filimu yawo ya zigawo zambilimbili. Anapangana kuti aziionela limodzi pa Sondo akaweluka kutchalitchi, wina asatsogole mnzake.

Tsiku lina pa Sondo, ndili kukhitchini, ndinamva mawu a mwana wanga akukwela. Sabata yapitayo anasiya munthu wina wa mufilimumo ali ndi ndevu, akuthilila maluwa. Lelo akuyatsa, dikoda yayambila pamene inalekela, munthu yemweyo ali wometa bwinobwino, ali m'ndende. AMubiana anati mwina mwana anaponda limoti. Keziah anayankha kuti Tasila sangaponde limoti mpaka munthu kumeta ndevu, kugwidwa, kuweluzidwa n'kuvala ya akaidi.

M'mawa mwake aDainess anamudikilila Keziah kumpanda. Anamuuza kuti akhala akusunga zinthu mumtima poopa kupasula nyumba ya eni, koma Mulungu sangawakhululukile akapitiliza kukhala chete. Masana onse, anatelo, njinga ya aMubiana imabwela. Imazimitsidwa kutali pa mtengo wa mango, mwini n'kumaikankha ngati wakuba. Makatani amatsekedwa, chitseko chimatsekedwa. Ndiye pakhomapo pamamveka aMubiana akukamba mawu otsekemela, mkazi n'kumaseka.

"Kuseka kwake kwa mkazi wokhuta," anatelo aDainess. "Wopanda mwambo."

Keziah analowa m'nyumba maso ali psu. Anandifunsa kuti masana ndimakhala kuti. Ndinamuuza kuti pamene pali mwana, ine ndili pomwepo, sindichoka. Iye anaganiza za kachipinda ka kumbuyo kamene ndimagona ndi Tasila, ndipo ine sindinamukonze. Anagwada pafupi nane n'kuika mutu pamiyendo panga ngati kale ali kamwana.

"Amai, maso anu saphonya kanthu. Mukhale mlonda wanga. Mkazi aliyense wolowa pageti apa, mundiuze."

Ndinavomela. Ndikanatani?

3.

Ulonda ndinaugwila ndi mtima wonse. Ndinatulutsa kampando, n'kukhala pakhonde Tasila ali kumsana. Madzulo ndinkapeleka zonse zimene ndaona. Wogulitsa nthochi anaima pageti, sanalowe. Mtsikana wofuna moto analowa kwa aDainess. Mbuzi yaikazi inalowa, ndinaithamangitsa. Kupatula apo, palibe mkazi analowa pageti. Pa zimenezi sindinanamepo ngakhale liwu limodzi.

Njinga inaleka kubwela masana. Keziah anati ndi chifukwa choti akudziwa kuti akuwalonda.

Anawapanikiza amuna ake kuchipinda, ine ndikumvetsela pakhoma. AMubiana anavomela kuti ankabwela masana. Anavomela kuti filimu anaionela. Anavomelanso kuti sanali yekha. Koma atafunsidwa kuti anali ndi ndani, anati sanganene, chifukwa analonjeza. Apa ndi pamene Keziah anasweka. Chigololo akanachikalipila n'kutha, koma mwamuna wake kusunga lonjezo la mkazi wina pamaso pa iye, ayi.

Bulangete la aMubiana linasamukila pasofa. Mbale yawo inaleka kufika pathebulo. Ankadya mabanzi kumsika, kolala ya malaya n'kuyamba kugwedela pakhosi. Ine ndinayamba kuphika mobisa, n'kusiya chakudya chovundikila pachishalo cha njinga. Mbale inkabwela yotsuka. M'nyumba munazizila moti ngakhale Tasila analeka kuwomba m'manja.

Kenaka Keziah anati aimbila foni aFebian, mlongo wanga, malume ake, amene ndi nkhoswe ya ukwati wake. Apa ndi pamene ndinayamba kumutsata ndi machenjezo aja. Ndinamuuza kuti ankhoswe akakhala pampando sanyamuka asanafukule zonse, ndipo zina zikafukuka, manyazi ake adzagwela iye yemwe. Ndinamuuza kuti zomva pakhoma sizoitanila munthu kuchoka ku Petauke. Ndinamuuza kuti amalume ake ali ndi bipi, ulendo wa pa basi ukhoza kuwapha.

Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati pali chimene ndikudziwa.

Ndinamuuza kuti ndikudziwa kuti nyemba zikupselela.

Foni anaimba.

4.

Inu owelenga amene mwayamba kale kundiyang'ana cham'mbali, simunalakwe. Mkazi woseka uja ndinali ine. Pageti sindinalowe chifukwa ndinali kale m'nyumba.

Zinayamba ndi kabati ya magalasi. Pa Sondo eni ake akamaonela, ine ndinkakhala kukhitchini ndikusankha nyemba, ndipo galasi la kabati linkandionetsa zonse za pa tivi. Mawu anali a Chizungu, sindinkamva kanthu, koma nkhope za anthu ndinkazimva. Munali mkazi wa tsitsi lofiila amene mwamuna wake anasowa panyanja, iye n'kukwatiwa ndi mng'ono wa mwamunayo. Wosowa uja anabwela ali ndi ndevu, n'kulembedwa ntchito yosamala maluwa panyumba yake yomwe. Mkazi osamuzindikila. Nyemba zomwezo ndinkazisankha mobweleza mpaka zinkang'anima.

Tsiku lina aMubiana anabwela masana kudzatenga chovala cha mvula, mvula n'kuwatsekela m'nyumba. Anayatsa dikoda n'kubwelela ku chigawo chimene anaona kale. Ine ndinali kuseli kwa chitseko. Wa tsitsi lofiila ananyamula kapu imene mng'ono uja anathilamo mankhwala, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Usamwe, iwe!"

Chithunzi chinaima. Mvula inkagunda pamalata. Tasila anali akukwawa pakati pathu. Ndinamva apongozi anga akutsokomola.

"Tasila," anatelo, "uwauze ambuya ako kuti asade nkhawa. Samwa. Foni ilila."

Munthu wanzelu akanathawila kuchipinda. Ine ndinati, "Tasila, uwafunse atate ako kuti wandevu uja anati chiyani pamene mkazi analila."

Tasila anali akuyamwa chala cha kuphazi.

Kuyambila tsikulo aMubiana ankabwela nthawi ya chakudya cha masana. Zozimitsa njinga pa mango ndinalamula ndine. Makatani ndinkatseka ndine, kuopa aDainess. Tinkamanga chitenje kuchokela pa kabati kukafika pa chitsulo cha pawindo, iwo pasofa uko, ine pamphasa kuno, tivi patsogolo pa tonse. Anandiyambila filimu kuchiyambi penipeni. Anthu akakamba, ankaimika chithunzi n'kuuza Tasila zimene anena. Tangoganizani bambo wamkulu wa ntchito ya boma akuuza khanda, m'Chinyanja cha ku Mongu, kuti mtima wake ukupsa ngati tchile la mu Okutobala. Ndani sakanaseka? Anthu a mufilimu akayandikizana milomo, aMubiana ankauza Tasila kuti akukaona mafuta a njinga, n'kuthamangitsa chithunzi asanatuluke. Nthochi akagula ku Kacholola ankaziika patsogolo pa mwana, ine n'kumulanda mwanayo.

Anthu a mufilimu ndinkawachenjeza onse. Usatsegule chitseko. Usakwele galimoto imeneyo. Usamukhulupilile wa nsapato zoyela. Palibe anandimvela, ndipo onse anaona zimene ndinanena. Kukoma kumeneko sindinakumvepo kwina kulikonse.

Tinali titapangana kuti tikafika pamene Keziah analekezela, tiima. Koma dikoda ija siifunsa. Chigawo chikatha, china chimayamba chokha usanaimilile. Tsiku limene tinafika pamalile, wandevu anali atagwila lumo. Ndinauza Tasila kuti tingoona ngati ameta. Tinaona. Tinaonanso zina, ndi zina. AMubiana ankaibweza pamalo pa mkazi wawo tikamaliza, mpaka tsiku limene anaiwala.

Lonjezo lija ndinawapempha ndine, kudzela mwa Tasila yemweyo: asauze munthu, ngakhale mkazi wawo. Mlangizi kukhala chipinda chimodzi ndi mwamuna wa mwana wake, n'kumaseka za chikondi? Ku Kaumbwe akanandiimba pamtondo mpaka tsiku la malilo anga. Palibe mai akanandipatsanso mtsikana wake. Ndiye ndinkamva mwana wanga akulila kuchipinda, ine n'kumangoti mailo ndimuuza. Mailo likafika, mantha ankadzuka ine ndisanadzuke.

5.

AFebian anafika Loweluka m'mawa atavala jekete yawo ya kumalilo. Kumbali ya aMubiana kunaimila aImasiku, Mlozi mnzawo, mphunzitsi wa kusekondale. ADainess anabwela ngati mboni, atamanga duku latsopano. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini, Tasila ali pamiyendo, nkhope nditalozetsa kumbali monga mwa mwambo.

ADainess anafotokoza zawo zonse, n'kuwonjezapo kuti tsiku lina anamva ndi fungo la pelefyumu yomwe. Ine ndimadzola mafuta a nsatsi. AFebian anafunsa aMubiana dzina la mkaziyo. Anafunsanso mokweza. AImasiku anawanong'oneza anzawo m'Chilozi, koma aMubiana anangopukusa mutu.

"Mkazi wanga sindinamulakwile," anatelo. "Koma ndinalonjeza munthu amene sindingamuchititse manyazi. Dzina sindinena."

AFebian anagunda ndodo pansi. Anati ngati zili chotelo, sukulu ikatseka Keziah ndi mwana apita kwawo ku Kaumbwe, ndipo akakhala komweko mpaka mkamwini ataphunzila kuyankha akulu. Akapanda kuphunzila, ukwati wathela pomwepo. Keziah sanalile. Anaimilila n'kunena kuti sadikila ndi sukulu yomwe, ayamba lelo kulongedza.

Apa Tasila anatambasula manja kufuna atate ake. AMubiana anasuntha pang'ono pasofa, kenaka anabweza manja awo, poti mwanayo anali pamiyendo ya apongozi. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo, munthuyo anali akusungabe ulemu wanga.

Ndinamukhazika Tasila pansi, ndikuyang'ana iye yekha.

"Tasila, uwauze amai ako kuti mkazi uja ndine."

Ndinkadikila mkuwo. Chimene chinabwela ndi kuseka. ADainess anati amake Keziah ndi munthu wabwino, akufuna kupulumutsa banja, koma aliyense akudziwa kuti dikoda amaifundika nsalu. AFebian anati mlongo wawo amathawa ndi wailesi yomwe ikatsokomola. Keziah anandipempha kuti ndisadzinyazitse chifukwa cha munthu amene alibe nane chisoni.

Mantha anandithela pomwepo, mkwiyo n'kulowa. Kunditenga ine ngati munthu wosadziwa filimu yanga? Ndinakonza chitenje m'chiuno n'kuyamba. Ndinawauza kuti wandevu anameta tsiku la phwando, kuti wa tsitsi lofiila atamuona anakomokela m'maluwa, kuti mng'ono uja anamunamizila kuba mphete n'kumumangitsa. Ndinawauza kuti kamwana kamene onse amati n'ka mng'ono n'ka wandevu, kuti wophika wokalamba akudziwa koma akuopa, ndiponso kuti wa nsapato zoyela si loya weniweni.

"Amai, basi, mwandiuza zonse," anatelo Keziah, akulila. Sindikudziwa ngati ankalila ukwati kapena filimu.

AFebian anati mawu okha si umboni, dikoda iyatsidwe. Keziah anatenga limoti n'kubwelela kumbuyo. Wandevu anameta. Mkazi anakomokela m'maluwa. AFebian anakokela mpando pafupi ndi tivi kuti aone bwino umboniwo, ndipo mng'ono uja ataponya mphete m'thumba la mkulu wake, mlongo wanga anadzuka n'kuloza ndi ndodo, kuuza apolisi a mufilimu kuti agwile uyo. Ndinalephela kudzigwila. Ndinaseka.

Nkhope ya aDainess inagwa. "Kuseka kwake n'komweku," anatelo chapansipansi.

AImasiku anatuluka panja, amvekele akukatsokomola. Tinkawamva kuseli kwa nyumba akutsokomola mpaka kugwila khoma.

AImasiku atabwela, aFebian anandizenga ine. Kodi nkhope ya mkamwini ndinaiyang'ana? Ndinati panali chitenje. Kodi ndinakamba naye? Ndinati ndinkakamba ndi Tasila. Kodi tinadyela pamodzi? Ndinati nthochi ndinkalandila kwa Tasila. Anakanda mutu nthawi yaitali, kenaka anagamula. Mwambo, anatelo, unapindika koma sunathyoke. Chimene chinalakwika n'chakuti mthenga wake anali wosadziwa kukamba ndi wopanda mano. Ine, chifukwa chokhala chete nyumba ya mwana wanga ikupsa, ndiphike nkhuku yathunthu ya apongozi. Keziah, chifukwa chomana mwamuna chakudya ndi kukweza malume ake basi pa nkhani ya pakhoma, agwade apepese. Za masana zithe. Ndipo popeza Keziah akufunitsitsa kudziwa zokambidwa m'nyumba mwake, kuyambila lelo mthenga pakati pa amake ndi mwamuna wake akhala iye, ndi kumasulila filimu komwe.

Keziah anagwada. AMubiana anamudzutsa asanamalize, iye n'kuwagogoda paphewa ndi limoti, akulila, akufunsa kuti akanangomunong'oneza chikanavuta n'chiyani. Iwo anayankha kuti akambilana akadya.

AFebian basi ya masana inawasiya. Anati umboni sunathe.

6.

Azimai anzanga amene mukuwelenga, kapena amene akukuwelengelani ngati mmene andilembela ine, mvelani. Ndinalonda geti la mwana wanga ndi maso onse awili, pamene wopasula nyumba anali atakhala pa kampando kanga. Ndinaopa nyimbo ya pamtondo kuposa misozi ya mwana amene ndinabala, ndipo Mlozi wa kutali anatsala pang'ono kutaya mkazi ndi mwana posunga dzina langa. Nkhuku ndinawaphikila, yaikulu, koma nkhuku siikwana.

Nyimbo ija akuimba kale ku Kaumbwe, aDainess sanachedwe. Amai ena aleka kundiitanila atsikana awo. Ena amandiimbila foni, amvekele akufuna malangizo, mapeto ake n'kufunsa ngati wandevu watuluka m'ndende. Dikoda ndikuchenjezabe, ndipo tsopano ndikuchenjeza ngati munthu woidziwa: chigawo choyamba musachiyambe. Nanunso atsikana, amai anu akakutsatani mpaka pageti kuti musaitane ankhoswe, yambani mwaima n'kuwayang'ana bwino.

Keziah sanaime. Lelo pa Sondo iliyonse chitenje chimamangidwa, amuna ake uko, ine kuno, iye pakati ndi limoti m'manja. Filimu imene ankaikonda saionelanso ngati munthu. Anthu akangotsegula pakamwa ayenela kuimika n'kumasulila, ndipo akalumpha mawu ndimadziwa, chifukwa mwamuna sangakambe nthawi yaitali chotelo kuti angonena kuti zikomo.

Dzulo wandevu anatuluka m'ndende. Wa tsitsi lofiila anamuthamangila, iye n'kumugwila m'chiuno, n'kuyamba kumunong'oneza m'khutu maso atatseka. Keziah anaimika chithunzi, thukuta lili pamphuno. Anati akukambilana za feteleza.

Kuseli kwa chitenje sofa inayamba kugwedezeka, aMubiana akubisa kuseka.

Ndinamuuza kuti abweze kumbuyo, amasulilenso, pang'onopang'ono.